KODI NDUNA YA DZIKO LINA IMAMVA MAU A MLENDO?

Pamene mlandu wa dziko uli m'manja mwa anthu okhala kutali, eni dziko amafunsana kuti, "Kodi muli phindu m'kulembera kalata phungu wa dziko lina, kapena m'kupita kukaonana naye? Adzamveranji munthu amene samponyera voti?" Yankho la funso ili lioneka bwino m'maulendo awiri amene mafumu a mu Afrika anayenda kunka ku London.

Ulendo woyamba unacitika m'caka ca 1895. Pa nthawi imeneyo Cecil Rhodes anafuna kuti Boma la Britain lipereke dziko la Bechuanaland kwa kampani yace, British South Africa Company, imene inalamuliranso dziko lino kufikira 1924. Mafumu atatu a dzikolo, Khama wa Bamangwato, Sebele wa Bakwena ndi Bathoen wa Bangwaketse, anali ataona cimene cinagwera Lobengula ndi Amandebele mu 1893, pamene kampaniyo inawalanda dziko ndi ng'ombe. Cotero anakwera sitima ya pamadzi pamodzi ndi mbusa wa London Missionary Society, W. C. Willoughby, nakafika ku England m'mwezi wa September.

Nduna yoyang'anira maiko a pansi pa Britain inali Joseph Chamberlain. Iye anawalandira, nawauza kuti akapangane ndi kampaniyo, ndipo anacoka kunka ku chuthi. Anthu ena akadabwerera kwao ndi cisoni, koma mafumuwa sanatero. Anayamba kuyenda m'mizinda ya England, Scotland ndi Wales, kulankhula m'machalichi ndi m'nyumba za misonkhano. Anafikanso ku Birmingham, mzinda umene unasankha Chamberlain kukhala phungu wace. Khama anali Mkristu wodziwika amene analetsa mowa wa Azungu m'dziko lace, ndipo cifukwa ca ici magulu odana ndi kuledzera anamkonda kwambiri. Manyuzipepala analemba za iwo, ndipo makalata ambiri anayamba kufika ku ofesi ya nduna, olembedwa ndi anthu a ku Britain eni ace.

Pamene Chamberlain anabwerako, anapeza kuti mlandu wa alendo wasanduka mlandu wa anthu ace. M'mwezi wa November anabvomera kuti maiko a mafumu atatuwo akhalebe m'citetezo ca Mfumukazi Victoria, koma kuti iwo apereke kacigawo ka kum'mawa kodutsapo njanje. Pakutha pa December, Dr. Jameson, munthu wa Rhodes, analowa m'Transvaal ndi asilikari, nagwidwa mocititsa manyazi. Kuyambira pamenepo Boma silinaperekenso Bechuanaland kwa kampaniyo. Dzikolo ndilo Botswana, limene linalandira ufulu mu 1966.

Ulendo waciwiri unacitika kuciyambi kwa 1953, pamene mafumu a ku Nyasaland anapita ku London kukakana Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland. Anapempha kuonana ndi Mfumukazi Elizabeth, koma sanaloledwe, ndipo Nduna Oliver Lyttelton sinasinthe maganizo ace. Kuno ku Northern Rhodesia mafumu ambiri anasaina kalata yodandaula, ndipo Harry Nkumbula anatentha pepala la Boma lofotokoza za Citaganya pamaso pa khamu ku Lusaka. Abwenzi analipo: anthu a Church of Scotland, mbusa Michael Scott, ndi aphungu a cipani ca Labour. Komabe Citaganya cinakhazikitsidwa caka comweco.

Nanga cifukwa ninji oyamba anapambana ndipo aciwiri analephera? Akulu anati, fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Kwa phungu, fodya wa pamphuno ndiwo anthu amene amamsankha, pakuti ndiwo angathe kumcotsa pa mpando. Kalata ya mlendo angaiwerenge mwaulemu ndi kuiika pambali, osaopa kanthu. Mu 1895 amene analembera Chamberlain anali a m'machalichi amene iye anafuna mavoti ao, ndipo kumvera mafumuwo sikunamtayitse cinthu cacikuru, popeza njira ya njanje inapezeka ndithu. Mu 1953 abwenzi ambiri a mafumu m'Nyumba ya Malamulo anali a cipani cotsutsa Boma. Cipani ca Conservative cinali ndi aphungu ocuruka, ndipo cinali citagwirizana kale ndi Godfrey Huggins ndi Roy Welensky. Mafumu anafika mlandu utaweruzidwa.

Ngakhale ziri conco, ulendo wa 1953 sunapite pacabe. Anthu a ku Scotland amene anamva madandaulo aja sanaiwale. Mu March 1959, pamene Dr. Banda ndi anthu mazana ambiri anamangidwa ku Nyasaland ndipo ena anaphedwa, Church of Scotland inadzudzula Boma poyera. Bungwe lofufuza la woweruza Devlin linaonetsanso kuti anthu a dzikolo sanafune Citaganya. Iain Macleod, amene anakhala Nduna mu October 1959, anamasula Dr. Banda pa 1 April 1960, ndipo Citaganya cinatha pa 31 December 1963. Kunena zoona, cacikuru cimene cinacigwetsa cinali kukana kwa anthu kuno kwao. Koma kukanako kunamveka msanga ku London cifukwa kunali anthu kumeneko amene anali atadziwa kale mlanduwo.

Omvera adziwa mwambo wa kumudzi. Mnyamata wofuna mbeta ya m'mudzi wina sangolowa yekha m'nyumba ya apongozi. Amayamba wapeza nkhoswe, munthu amene mau ace ali ndi ulemu pabwalo limenelo. Ndi momwemonso ndi andale a dziko lina. Wofuna kuwatembenuza ayambe wapeza abwenzi mwa anthu amene amawasankha, afike nkhani isanagamulidwe, ndipo apemphe cinthu cimodzi codziwika bwino, monga anacitira Khama ndi anzace. Akakanidwa asataye mtima, pakuti mlandu wa mafumu a ku Nyasaland unatenga zaka khumi kuti uweruzidwenso.