Nyama Yodzifera Yokha

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, lero tikamba za nyama ya m'thengo. M'caka ca 2011 mvuu zambiri za mumtsinje wa Luangwa zinafa ndi matenda a anthrax m'boma la Chama. Anthu anazisenda nadya nyama yace. Oposa 500 anadwala, ndipo 5 anamwalira.

Tizirombo ta matendawa tikhala m'magazi a nyama. Tilowa mwa munthu pa bala posenda, kapena m'mimba pakudya. Kuyanika nyama sikupha tiziromboti ai.

Tsono ananu, mukapeza nyama yakufa, magazi akuda alikutuluka m'mphuno, musaikhudze. Kauzeni amfumu kapena adokotala a ziweto. Aphunzitsi, mukaona mwana ali ndi cilonda cakuda pakati, mutumizeni kucipatala tsiku lomwelo, pakuti mankhwala alipo.