MASAMBA OGWA, KHONSOLO NDI ALIMI A M'CHIGWA CHA DOMASI

Nkhani ya lero ndi ya masamba ogwa, udzu wotchetcha ndi zinyalala za pamsika, ndiponso ya funso limene limavuta makhonsolo ambiri m'dziko muno: kodi zinthu zimenezi azichotse ndani, azipititse kuti, nanga alipire ndani? Chitsanzo chichokera ku chigwa cha Domasi m'boma la Zomba, koma omvera a ku Mulanje, ku Dedza, ku Kasungu ngakhale ku Karonga apeza kuti nkhaniyi ikukhudzanso kwao.

Kuyambira mwezi wa Ogasiti kufikira Okutobala, pamene dzuŵa la chilimwe lakula, mitengo yambiri imayoyola masamba. Munthu woyenda pa mseu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde, podutsa pa Songani ndi pa Domasi, amaona utsi ukufuka m'mabwalo a sukulu, kuseri kwa maofesi ndi m'mphepete mwa misika. Osesa amaunjika masamba, nkuyatsa moto. Pabwalo pamayera ndithu, koma chimene chapita ndi utsi ndi chakudya cha nthaka. Masamba akapsa, mchere wa nayitrojeni, womwe uja alimi amaugula m'thumba la yureya, umauluka pafupifupi wonse. Chimatsala ndi phulusa lochepa chabe, limene mphepo ndi mvula yoyamba zimalichotsa.

Lamulo la Maboma Aang'ono la chaka cha 1998 lidapereka kwa makhonsolo udindo wosonkhanitsa ndi kutaya zinyalala. M'boma la Zomba muli makhonsolo aŵiri. Khonsolo ya Mzinda imayang'anira tauni yeniyeni, imene idali likulu la dziko kufikira 1975 ndipo idalandira ulemu wa mzinda mu 2008. Khonsolo ya Boma imayang'anira midzi ndi misika ya kunja, kuphatikizapo chigwa cha Domasi, m'dera la Mfumu Yaikulu Malemia. Tsono tauni ili ndi masamba amene imasoŵa kotaya, chigwa chili ndi minda imene ikusoŵa chonde, ndipo pakati pa malo aŵiriŵa pali mtunda wosakwana makilomita 20.

Gaŵo lalikulu la zinyalala za m'matauni a m'Malaŵi ndi zinthu zowola: masamba a mitengo, makoko a nthochi, misinde ya nzimbe, matimati ophwanyika ndi masamba a kabichi. Zinthu zimenezi zimalemera chifukwa zili ndi madzi ambiri, ndipo lole ya khonsolo imatha mafuta pozinyamula ulendo wautali kupita kudzala, monga la Mzedi ku Blantyre kapena la ku Area 38 ku Lilongwe. Kumeneko zimawola mosakanizika ndi mapulasitiki, zimatulutsa mpweya woyaka, ndipo kaŵirikaŵiri dzala limanyeka masiku ambiri. Lole ikapanda kubwera, zinyalala zimatseka ngalande, madzi a mvula amasefukira m'zimbudzi ndi m'zitsime, ntchentche zimaswana. Anthu sadaiŵale kolera amene adayamba m'boma loyandikana la Machinga mu Malichi 2022, amene pofika mu 2023 adali atapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse.

Mtsinje wa Domasi umachokera pakati pa mapiri a Zomba ndi Malosa nkukathira mu Nyanja ya Chilwa. M'mbali mwake muli madimba a ndiwo zamasamba, minda ya chimanga, sikimu ya mpunga, ndiponso maiŵe a nsomba, popeza pa Domasi ndi pamene pali likulu la boma lofufuza za ulimi wa nsomba. Alimi onseŵa amafuna manyowa, ngakhale woŵeta nsomba yemwe, pakuti manyowa ndiwo amabiriŵitsa madzi a m'dziŵe kuti chambo ndi makumba zipeze chakudya. Mtengo wa feteleza udakwera kwambiri nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022, ndipo udakweranso pamene mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 pa 100 alionse mu Novembala 2023. Palinso nkhani ya nyanja. Nthaka yopanda zowolerana siisunga madzi. Mvula imaikokolola, dothi nkukathera m'mtsinje ndi m'nyanja. Chilwa ndi nyanja yosaya, imene idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo idaphweranso kwambiri mu 2018. Dothi lililonse lotsalira m'munda limapulumutsa mlimi ndi msodzi pamodzi.

Domasi si mlendo pa ntchito yophunzitsa anthu kusamala mudzi. Mishoni ya Church of Scotland idakhazikika kumeneko mu 1884. Mu 1929 boma la atsamunda lidatsegula sukulu ya Jeanes, kumene aphunzitsi ndi akazi ao, ngakhale mafumu, ankaphunzira ukhondo ndi ulimi kuti akaphunzitse anzao m'midzi. Pa nthaŵi yomweyo, ku Indore m'dziko la India, katswiri wa zaulimi Albert Howard ankayesa njira yowoletsera masamba, mapesi ndi ndowe pozisanja m'mizere ndi kuzitembenuza. Njira imeneyo ndiyo kholo la manyowa a kompositi amene alangizi amaphunzitsa, kaya a m'dzenje kapena a chimato, aja amamata ndi dothi kunja kwake.

Kapangidwe kake sikovuta. Pansi amayala timitengo kapena mapesi kuti mpweya uziloŵa. Pamwamba pake amasanja zouma, monga masamba ogwa, udzu ndi mankhusu a mpunga. Kenaka zaziŵisi, monga zotsala za pamsika ndi masangwi. Kenaka ndowe kapena zitosi za nkhuku, phulusa pang'ono ndi dothi la pamwamba. Amathirira madzi okwanira kunyowetsa, osati kudikhitsa, ndipo amabwereza mpaka mulu utafika m'chifuwa mwa munthu. Zouma zokha zimachedwa kuwola, zaziŵisi zokha zimanunkha. Ubwino uli posakaniza. Pakapita masiku ochepa mulu umatentha mpaka madigiri 55 kapena kuposa, ndipo kutenthako kumapha mbeu za udzu ndi tizilombo ta matenda. Mlimi amazika ndodo pakati pa mulu: ikatuluka yofunda ndi yonyowa, ndiye kuti ntchito ikuyenda. Mulu wotembenuzidwa bwino umapsa pa miyezi iŵiri kapena itatu. Masamba a bulugama amachedwa, choncho asamachuluke.

Tsono khonsolo imene yasoŵa malole ndi antchito ili ndi ufulu wopangana ndi kontalakitala, kalabu ya alimi kapena gulu la achinyamata kuti aigwirire ntchito imeneyi. Zoterezi zidachitikapo ku Lilongwe cha m'ma 2010, pamene amai a ku Mtandire, m'chitukuko chotchedwa Waste for Wealth, ankapanga manyowa kuchokera ku zinyalala nkumagulitsa kwa olima maluŵa a Four Seasons. Kunja, mzinda wa San Francisco ku America udalamula mu 2009 kuti nyumba iliyonse izipatula zowola, ndipo manyowa ake amapita kwa alimi a m'madera ozungulira. Koma pangano lolembedwa mosasamala limadya ndalama za anthu popanda phindu. Pali mfundo zisanu zimene makhansala, mafumu ndi makomiti a misika ayenera kuziyang'anitsitsa.

Yoyamba ndi ya malipiro. Kontalakitala akamalipidwa poŵerenga maulendo a lole, phindu lake limakhala pa kutaya msanga, ngakhale m'khwaŵa lapafupi usiku. Akamalipidwa poŵerenga kuyera kwa msika ndi matumba a manyowa opsa, phindu lake limakhala pa kusamala tsamba lililonse. Pangano linene amene aziŵerenga matumbawo, ndipo asakhale mwini ntchito yemwe.

Yachiŵiri ndi ya kupatula. Manyowa okhala ndi majumbo, magalasi osweka ndi mabatire palibe mlimi angaŵagule kaŵiri. Boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015 ndipo Bwalo Lalikulu la Apilo lidavomereza chiletsocho mu 2019, komabe majumbo sadathe m'misika. Kupatula kuyenera kuchitika pamene zinyalala zikugwera, pa benchi la wogulitsa ndi pa tsache la wosesa. Izi zimafuna migolo iŵiri pa mzere uliwonse wa msika ndi komiti yolimba.

Yachitatu ndi ya malo. Milu ikhale pafupi ndi msika kuti ngolo ndi wilibala zikwanitse ntchito imene ikadafuna lole, koma ikhale kutali ndi mtsinje, zitsime ndi mijigo, pakuti madzi otuluka m'mulu amawononga madzi akumwa. M'midzi malo otere amaperekedwa ndi mafumu, choncho mfumu ikhalepo kuyambira tsiku loyamba la zokambirana.

Yachinai ndi ya chilungamo posankha. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma, limene lidatsindika kuti ntchito zizilengezedwa poyera ndipo ofuna azipikisana. Ntchito ikaperekedwa yonse pamodzi, amapambana ndi mwini malole yekha. Ikagaŵidwa msika ndi msika, sukulu ndi sukulu, magulu aang'ono a m'deralo amapeza mwai. Osesa akale a khonsolo nawonso asataidwe. Iwo ndiwo amadziŵa ngalande imene imatseka msanga. Khonsolo nayo izilipira pa nthaŵi yake, popeza gulu laling'ono silingapirire ngongole ya miyezi itatu.

Yachisanu ndi ya nyengo. Masamba amagwa ambiri pamene madzi ali osoŵa, chonsecho mulu umafuna madzi. Masamba a mu Ogasiti akhoza kupsa mvula yodzalira isanagwe mu Novembala kapena Disembala, koma a mu Okutobala amachedwa, ndipo ayenera kudikira madimba a chilimwe chotsatira. Motero pangano lisaiŵale gwero la madzi ndi chisakasa chosungira, chifukwa manyowa osiyidwa pa dzuŵa ndi pa mvula amasukuluka.

Pamafunikanso kunena zoona za mphamvu ya manyowa. Thumba la yureya la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a nayitrojeni. Manyowa a masamba amakhala ndi pafupifupi kilogalamu imodzi pa makilogalamu 100, kutanthauza kuti pamafunika matani oposa aŵiri kuti afanane ndi thumba limodzi. Choncho masamba onse a mu Zomba sangalowe m'malo mwa feteleza wa chigwa chonse. Ntchito yao yaikulu ndi ina: kufeŵetsa nthaka, kusunga chinyezi pa nthaŵi ya ng'amba, ndi kugwira feteleza wochepa uja kuti asakokoloke. Ku malo a kafukufuku a Makoka, m'boma lomweli, akatswiri adaonetsa kuyambira m'zaka za m'ma 1990 kuti masamba a gilisidiya okwiriridwa m'munda, pamodzi ndi feteleza pang'ono, amachulukitsa chimanga kuposa feteleza pang'onoyo payekha. Alimi amene amasakaniza manyowa, gaga, phulusa ndi feteleza popanga Mbeya amatsata nzeru yomweyo.

Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Khonsolo ili ndi lamulo ndi ndalama za ziphaso za pamsika. Mfumu ili ndi malo. Mlangizi ali ndi luso. Sukulu ndi makoleji a pa Domasi ali ndi mabwalo odzaza masamba. Mlimi ali ndi munda wanjala. Mphunzitsi wamkulu safunika kudikira pangano kuti aletse moto pabwalo la sukulu ndi kukumbitsa maenje aŵiri. Koma za misika ndi miseu ndi za khonsolo, ndipo nzika iliyonse ili ndi ufulu wofunsa khansala wake kumene zinyalala za pamsika zimapita, ndalama zimene zimapita nazo, ndi ngati mlimi wa m'chigwa adzaonepo thumba limodzi la manyowa mvula isanagwe.