Pamene Swici ya Jenereta Yakana Kugwira Nchito

M'caka ca 2024 cilala cinacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, ndipo ku Kanyama, ku Matero ndi ku Chawama magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku lililonse. Ogulitsa nyama ena anadalira jenereta kuti malonda ao asaole.

Pakati pa jenereta yotere ndi mawaya a ZESCO pamakhala swici yosintha yokha. Magetsi akazima, swiciyo imalamula jenereta kuti ilire, niilumikiza ku nyumba. Akabwera, imabwezera nyumbayo ku ZESCO. Udindo wake waukulu ndiwo kuletsa magetsi a mbali ziwirizi kukumana.

Tsono jenereta ikapanda kulira, musafulumire kuiimba mlandu swici. Coyamba, onani ngati batani lili pa AUTO. Caciwiri, yesani batire, pakuti imafooka jenereta ikakhalitsa osalira. Koma ikalira, nyumba nikhalabe mumdima, kapena fyuzi yapsa, kapena waya wamasuka, kapena koilo ya m'bokosi la swici yaonongeka. Pamenepo itanani mmisiri wophunzira za magetsi, cifukwa m'bokosimo magetsi amalowa kucokera mbali zonse ziwiri.

Cenjezo langa ndi ili: musalambalale swici ndi waya wongolumikiza. Magetsi anu adzabwerera m'mawaya a panja, thiransifoma niiwakweza kufikira mavolti 11,000. Wanchito amene wakwera pamtengo, poyesa kuti mawayawo ndi ozima, angafere pomwepo. Munthuyo ali ndi ana monga inu.

Tsalani bwino.