Masipika anayi pa ampulifaya imodzi: tiwerenge kaye ma ohm

Mawu amene adayankhula mmodzi wa mamembala athu, mlimi wa kuno ku Cassacatiza, pa msonkhano wa kalabu ya omvera wailesi.

Ndapempha mpata kuti ndiikepo mlomo pa nkhani imene yatidyera misonkhano iwiri tsopano, nkhani ya ampulifaya ya kalabu. Achinyamata apempha kuti pa 25 Juni, tsiku la ufulu wa dziko lathu, aibwereke, alowetsemo gitala lawo, ndipo pa mabokosi awiri a masipika amene tili nawo awonjezerepo awiri a ku tchalitchi kuti nyimbo zikamveke mpaka ku msika. Ena mwati tiwapatse, ena mwati ayi, aotcha. Ine ndikuti tiwapatse, koma mawaya amangidwe mwa njira imene nditi ndifotokoze pano. Akamanga mmene amamangira anthu ambiri kuno, ofiira onse pamodzi, akuda onse pamodzi, ampulifaya ija sifika madzulo. Ndipo nonse mukudziwa kuti idagulidwa ndi ndalama za soya ndi mtedza zimene tidasonkha khomo ndi khomo.

Mukatembenuza bokosi la sipika, kapena coluna monga amanenera anzathu a ku Tete, kumbuyo kwake mupeza nambala. Kawirikawiri imakhala 4, 8 kapena 16, ndipo pambali pake pali kachizindikiro konga chibangili chotseguka kunsi, kotere Ω. Kameneka amakawerenga kuti ohm. Ndi dzina la munthu, Georg Ohm, mphunzitsi wa ku Germany amene mu 1827 adatulutsa buku lofotokoza mmene magetsi amayendera mu waya. Ife tikamagula masipika ku Katete kapena ku Tete maso athu amathamangira pa ma watt, chifukwa ndi amene amalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa katoni. Nambala ya ohm sitiiyang'ana n'komwe, chonsecho ndi imene imapha maampulifaya.

Ohm ndi muyezo wa kuthina kwa njira imene magetsi akudutsamo. Nambala ikakhala yaikulu ndiye kuti njira ndi yothina, magetsi akudutsa pang'ono. Ikakhala yaing'ono njira ndi yotakasuka, magetsi akukokedwa ambiri. Apa ndi pamene ambiri mutu umatizungulira, chifukwa tidazolowera kuti nambala yaikulu ndiye katundu wolemera. Ku masipika ndi chitembenuzire. Sipika ya 4 ndi yolemera kwa ampulifaya kuposa ya 8, ndipo 2 ndiye thumba la makilo 90 pamutu pa mwana.

Amene mumathirira dimba ndi thiredo pampu mundimva msanga. Mukatsegula ngalande imodzi, wopalasa amapalasa mwa phee, madzi n'kumadzaza bwinobwino. Mukatsegula ziwiri, kuti zonse zidzaze chimodzimodzi ayenera kupalasa kawiri liwiro lake. Mukatsegula zinayi ndiye thukuta kamukamu. Kusiyana kwake n'koti munthu amatha kutsika pa pampu n'kunena kuti ndatopa. Ampulifaya ilibe nzeru zimenezo. Imapalasabe mpaka zam'kati zitapsa.

Tiike manambala kuti zisakhale ngati nthano. Tiyerekeze ampulifaya ikukankha mavolti 12. Lamulo la a Ohm aja limati gawani mavolti ndi ma ohm, mupeza magetsi amene akudutsa, amene amayezedwa mu ma ampere. Pa sipika ya 8, ndi 12 kugawa ndi 8, yankho 1.5. Pa 4 yankho ndi 3. Pa 2 yankho ndi 6. Mwaona? Kuchoka pa 8 kufika pa 2 magetsi achuluka kanayi, ndipo onsewo akudutsa m'timathiranzisita tating'ono ngati njere ya chimanga. Batire la sola nalonso limatha msanga chifukwa chomwecho.

N'chifukwa chake opanga amalemba kumbuyo kwa ampulifaya, pafupi ndi potulukira mawaya a masipika, nambala yotsikitsitsa imene ingapirire. Yathuyi adalemba MIN 4Ω. Ndiye kuti masipika onse mukawaphatikiza, nambala yawo isatsike kupitirira 4. Kukwera ilibe nako vuto, 8 kapena 16 imaimba, kungoti mphamvu imachepako.

Tsopano kamangidwe. Njira zilipo ziwiri.

Yoyamba ndi imene tidaizolowera ija, amisiri amati paralelo. Mawaya a pulasi onse amakumana pamodzi, a mainasi onse pamodzi. Uku ndiye kutsegula ngalande zambiri, ndipo nambala imatsika. Masipika akakhala ofanana, mumagawa nambala ya imodzi ndi kuchuluka kwawo. Awiri a 8 amapereka 4. Mabokosi athu awiri ndi a 8 lililonse, n'chifukwa chake chigulireni ampulifaya sidavutepo, tili pa malire enieni. Atatu a 8 amapereka pafupifupi 2.7, tadutsa kale malire. Anayi a 8 amapereka 2. Mabokosi a ku tchalitchi ndawaona, nawonso ndi a 8. Ndiye mukungoona nokha kumene nkhaniyi imalowera.

Wina anena kuti koma kumbuyo kwa bokosi kuli mabowo awiri, lina lolowetsa, lina lopititsa ku bokosi linzake, ndiye opanga adalola. Mabowo awiriwo m'kati adawalumikiza paralelo yemweyo. Chimodzimodzi mabowo awiri a kumbuyo kwa maampulifaya ambiri a gitala. Bowo kupezeka si chilolezo ayi, muyenera kuwerengabe.

Njira yachiwiri amati série, ine ndimati ya mndandanda, ngati anthu ogwirana manja. Waya wa pulasi wochoka ku ampulifaya ulowa pa pulasi wa sipika yoyamba. Mainasi wa sipika yoyambayo apita pa pulasi wa yachiwiri. Mainasi wa yachiwiri ndi amene abwerera ku ampulifaya. Apa magetsi akudutsa njira yothina, n'kudutsanso ina yothina, ndiye manambala mumangophatikiza. Awiri a 8 akhala 16. Awiri a 4 akhala 8.

Yankho la achinyamata lili posakaniza njira ziwirizi, ndipo a mlembi chonde apa mulembe bwino. Tengani mabokosi awiri a kalabu, muwamange mndandanda, akhala 16. Tengani awiri a ku tchalitchi, muwamangenso mndandanda, akhala 16. Tsopano muli ndi magulu awiri, lililonse lili ndi waya mmodzi wa pulasi ndi mmodzi wa mainasi wotsala. Magulu awiriwo ndi amene muwakumanitse paralelo pa ampulifaya. 16 kugawa ndi 2, yankho 8. Masipika anayi akulira, ampulifaya ikumva ngati yanyamula imodzi yokha. Mabokosi akuluakulu a gitala okhala ndi masipika anayi m'kati, ngati a Marshall amene mumawaona kumbuyo kwa oimba m'mavidiyo, ambiri adamangidwa chomwechi.

Ndikudziwa chimene achinyamata akunong'onezana kumbuyoko. Akuti pa 8 mphamvu ichepa, phokoso lichepa. Zoona mphamvu imene ampulifaya itulutse ichepako poyerekeza ndi pa 4. Koma khutu la munthu siliwerenga ngati sikelo ya pa msika. Kuti mumve ngati phokoso lakula kawiri pamafunika mphamvu pafupifupi kakhumi. Ndiye kuchepa kumeneku khutu likumva pang'ono chabe, komanso mapepala anayi akukankha mpweya m'malo mwa awiri, ndipo mabokosi mutha kuwalozetsa mbali zosiyana. Amene mudapitako ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti mumabwera mukusimba za mulu wa masipika. Pa misonkhano ikuluikulu yotere mabokosi ambiriwo sakokedwa ndi ampulifaya imodzi, pamakhala zingapo, iliyonse ndi katundu wake.

Vuto lina kuno kwathu ndi masipika osakaniza. Kalipentala wakhoma bokosi, mwini wake waikamo sipika ya m'galimoto, ina ya wailesi yakale, ina adagula pa boda. Masipika a m'galimoto ambiri ndi a 4. Mukaika ya 8 ndi ya 4 paralelo, masamu ake ndi awa: chulukitsani manambala awiriwo, 8 kuchulukitsa ndi 4 ndi 32, kenako mugawe ndi kuphatikiza kwawo, 12. Yankho pafupifupi 2.7. Ngati masamu akuvutani kumbukirani chokhachi, kuti pa paralelo yankho nthawi zonse limakhala laling'ono kuposa sipika yaing'ono kwambiri pa gulupo. Komanso ya nambala yaing'onoyo ndi imene imamwa mphamvu zambiri, ya 4 imamwa kawiri kuposa ya 8, ndiye ndi imene imayamba kununkha.

Nanga sipika imene zilembo zidafufutika? Pamafunika kamita kaja amagwiritsa okonza mafoni ndi mawailesi. Chotsani sipika ku ampulifaya, ikani mita pa chizindikiro cha Ω, gusani timawaya take pa miyendo iwiri ya sipika. Musadabwe, mita siionetsa nambala yeniyeni, imaonetsa yocheperapo. Ikaonetsa cha m'ma 3 ndiye ya 4. Ikaonetsa 6 kapena 7 ndiye ya 8. Ikaonetsa 12 kapena 13 ndiye ya 16. Ngati simukudziwa mwendo wa pulasi, tengani batire limodzi la tochi, la mavolti 1.5, muguse kamphindi. Pepala la sipika likatumphukira kunja, mwendo umene wagunda mutu wa batire ndiye pulasi. Izi si zachibwana, chifukwa bokosi limodzi likatembenuzidwa, lina likamakankha ilo likukoka, ndiye besi imasowa, anthu n'kumawonjezera volyumu osadziwa kuti vuto ndi waya.

Zonse ndanenazi ndi za maampulifaya a mathiranzisita, ngati yathuyi ndi pafupifupi onse amene amagulitsidwa m'misika muno. Koma oimba gitala adziwenso za mtundu wina, wa mavalavu, chifukwa ina imapezeka m'matchalitchi a mishoni ndi kwa oimba akale, ndipo Fender ndi Marshall akupangabe. Muizindikira polemera ngati mwala, m'kati muli mababu agalasi amene amafiira, ndipo mukayatsa imatenga kanthawi isanayambe kulira. Imeneyi khalidwe lake ndi lina. Ili ndi thiransifoma pakati pa mavalavu ndi sipika, ndipo kumbuyo kuli kosankhira kapena mabowo olembedwa 4, 8, 16. Bokosi likakhala la 16 sankhani 16, likakhala la 8 sankhani 8, zifanane ndendende. Ndipo musadzayerekeze kuimba gitala pa ampulifaya ya mavalavu sipika musanalumikize. Ya mathiranzisita yopanda sipika imangokhala chete. Ya mavalavu mphamvu imasowa kolowera, imabwerera n'kuotcha thiransifoma, chomwe ndi chitsulo chodula kuposa zonse m'menemo. Musalowetsemonso dzanja ngakhale yazimitsidwa, imasunga mavolti mazanamazana.

Pa mawaya ndinenepo pang'ono. Chingwe cha gitala ndi chingwe cha sipika nthawi zina mitu yake imafanana, koma m'kati ndi zosiyana. Cha gitala chili ndi kawaya kamodzi kowonda ngati tsitsi pakati, kadapangidwira timagetsi tochepa tochoka ku gitala. Mukachiika pakati pa ampulifaya ndi bokosi chimatentha, pulasitiki n'kusungunuka, mawaya n'kugundana. Ku sipika ikani waya wonenepa wa mitsempha iwiri, ngati wa magetsi a m'nyumba uja. Ndipo popota nsonga onetsetsani kuti palibe kaulusi ka kopa kamene katuluka n'kukhudza mwendo winawo. Kaulusi kamodzi kokha ndi 0 ohm, ngalande yopanda khoma. Mawaya onse mangani ampulifaya ili yozima.

Inu amene mumaimbira wailesi ya m'galimoto pa batire kunyumba, mawaya a mainasi a masipika ake musawamange pamodzi kapena kuwagunditsa ku chitsulo cha wailesi. Mawailesi ambiri a masiku ano waya wa mainasi nawonso umakankha magetsi, sipika iliyonse imafuna mawaya ake awiri.

Pa tsikulo pakhale munthu mmodzi woyang'anira ampulifaya, osati aliyense kumangopotokola. Iikidwe pa mthunzi, pa tebulo, osaiphimba ndi chitenje poopa fumbi, chifukwa imapumira m'timabowo tija. Woyang'anirayo aziika dzanja pa zitsulo zakumbuyo nthawi ndi nthawi. Kufunda si vuto. Koma zikatentha moti dzanja silingakhalepo, kapena mawu akayamba kuduka n'kubwerera okha, kapena gitala likamamveka ngati nsalu ikung'ambika pamene woimba sadafune choncho, atsitse volyumu, azimitse, awerengenso mawaya. Fyuzi ikapsa, mugule ina ya nambala yomweyo. Zokulunga fyuzi ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya kapena kulumphitsa ndi waya, pa katundu wa kalabu ayi. Fyuzi imafa kuti ampulifaya ipulumuke, ndipo ndi yotchipa kuposa botolo la mafuta ophikira.

Pempho langa kwa komiti ndi ili. A mlembi alembe pa pepala nambala ya bokosi lililonse ndi chithunzi cha kamangidwe ka magulu awiri kaja, timate pamwamba pa ampulifaya ndi selotepi. Loweruka likubwerali, pulogalamu ya ulimi ikangotha, achinyamata abwere ndi mabokosi a ku tchalitchi ndi gitala, ine ndibwereka mita, timange pamodzi, tiyeze. Mita ikaonetsa cha m'ma 6 kapena 7 pa nsonga ziwiri zopita ku ampulifaya, tiyatse tiimbe ola lathunthu tione ngati itenthe. Amene muli ndi masipika opanda zilembo kunyumba bwerani nawonso tidzawayeze tsiku lomwelo.