Kacirombo Kopha Acule ndi Mbiri ya Mtundu Wace

Mvula yoyamba ikagwa ku Bundabunda, dziko la Asoli kum'mawa kwa Lusaka, madambo amene anali zii cirimwe conse amadzuka usiku umodzi wokha. Mwamuna wa pa mgodi amene anakulira kumudzi alidziwa bwino phokoso lija la acule, ndipo adziwanso kuti posacedwa zithaphwi zidzada bii ndi ambululu. Koma alipo maiko ena kumene anthu anapita kudziwe m'mawa napeza ambululu ali kuyandama, mimba zotupa, khungu lofiira ndi mwazi. Cowapha ndico kacirombo kochedwa ranavirus, kakang'ono koposa, kosaoneka ngakhale ndi galasi wamba lopimira mwazi ku cipatala.

Kacirombo aka anakapeza mwangozi. M'caka ca 1965, ku Memphis m'dziko la Amerika, Allan Granoff ndi anzace analikufuna cimene cicititsa zotupa m'impso za acule. Cotupitsaco sicinali ici, koma anapeza mdani wina, namucha Frog Virus 3.

Camoyo ciri conse ciri ndi malangizo a cibadwa cace, ochedwa DNA, olembedwa ndi zilembo zinai zokha. M'caka ca 2004 akatswiri anawerenga malangizo onse a Frog Virus 3, napeza zilembo pafupi 106,000. Za munthu zikwana 3 biliyoni. Kacirombo sikabala kokha ai. Kamalowa m'thupi la cule ndi kulikakamiza kukopera malangizo ace, ndipo pokopera pamalakwika cilembo apa ndi apo, monga kalaliki wa pa mgodi alakwitsa dzina posamutsira m'buku lina. Colakwaco cipitirira kwa ana ndi adzukulu. Cifukwa cace wowerenga zilembozi akhoza kulondola mzere wa tizirombo monga akulu alondola cibale ndi mfunda: aka n'kambale wa kauje, ndipo kanacokera kwakuti.

Ndi nzeru imeneyi anadziwa kuti kacirombo kamene kanayamba kusakaza acule m'mapiri a Picos de Europa ku Spain m'caka ca 2005 kanali ka banja lina, losiyana ndi la ku Memphis. Coopsa ceni ceni cinamveka mu 2017. Pa famu ina yoweta acule odya ku Georgia, ku Amerika komweko, panapezeka kacirombo kokhala ndi malangizo a mabanja onse awiri. Mabanjawo anakomana m'thupi limodzi nasinthana zigawo, ndipo mwana wobadwayo anapha ambululu msanga kuposa Frog Virus 3. Mabanja olekanitsidwa ndi nyanja yaikuru sakomana okha. Amawakomanitsa ndiye munthu, pogulitsa ndi kutumiza zamoyo za m'madzi.

Mu Afrika muno ranavirus wapezeka kale ku Cameroon, ku Chad ndi ku Madagascar. Ndipo pano nkhani ifika pafupi ndi madambo a ku Bundabunda. M'madzi a m'Zambia mukhala acule aphwathalala, oterera, a zikhadabo ku miyendo ya m'mbuyo, a mtundu wa Xenopus. Mmodzi wa mtundu umenewu anali wochuka m'zipatala kuyambira zaka za m'ma 1930 kufikira m'ma 1960, pakuti madotolo anali kumbaya mkodzo wa mkazi, ndipo cule akaikira mazira anadziwa kuti maiyo ali ndi pakati. Cule yemweyo ndiye ayeserapo ranavirus ku Rochester. Apeza kuti ambululu ace amafa ambiri, koma wamkuru amacira, natsala ndi kacirombo kobisala m'thupi, iye ali kusambira ngati wabwino bwino.

Munthu sadwala naye ranavirus. Koma mitundu ina ya kaciromboka imagwiranso nsomba, ndipo kamakhala ndi moyo m'madzi ndi m'matope masiku angapo. Cotero wa m'tauni amene akumba dziwe la nsomba kumudzi, nabwera ndi mbeu yace m'mgolo kucokera kutali, akhoza kunyamulanso cimene sanagule. Oweta osamala amayamba asunga nsomba zacilendo pa zokha, sataya madzi a m'mgolo mu mtsinje, ndipo ukonde ndi jombo amazitsuka ndi mankhwala ophera tizirombo asanalowe nazo m'dambo lina.