Manjenje

Madzulo ano tikambe za mawu amene timawatchula tsiku ndi tsiku: manjenje.

Mawuwa akuchokera ku kunjenjemera. Manjenje ndi pamene thupi, kaya chiwalo chimodzi, chikugwedera chokha mwini wake asanachilamule. Agogo akamakweza kapu, tiyi n'kumatayikira pa chitenje, timati ali ndi manjenje. Mnyamata amene dzanja silikhazikika m'mawa mpaka atalawako kachasu, timatinso manjenje. Mwana polowa m'mayeso a MSCE amati ndagwidwa manjenje. Dzina ndi limodzi koma zoyambitsa n'zosiyana, ndipo ife opemphera tazolowera kuthamangira yankho limodzi: chiwanda!

Tiyambe ndi kakang'ono, chikope. Chikangoyamba kugwedera, mayi wayimba kale foni: "Abusa, diso langa likundilosera maliro." Ena amati chikope cham'munsi ndi misozi, cham'mwamba ndi mwayi. Ena amayang'ana ngati ndi lamanja kapena lamanzere, ndipo mukafunsa anthu atatu mumva mayankho atatu. Mayi anga, mwagona 12 koloko mukuyang'ana WhatsApp, mwadzuka 4 koloko kukapikula tomato ku Limbe, mutu uli pa lendi ndi fizi. Kamnofu ka chikopeko katopa basi. Gonani mokwanira, chepetsani tiyi ndi khofi, nthawi zambiri kamasiya kokha. Pa Deuteronomo 18:10-12 Mulungu analetsa anthu ake kuwombeza ndi kutsata malodza. Mwana wa Mulungu safunsa chikope za mawa. Ndimve ameni kumeneko!

Tsono tsegulani Mateyu 4:24. Anthu anabwera kwa Yesu ndi odwala awo, ndipo Mateyu akuwatchula padera padera: ogwidwa ziwanda paokha, akhunyu paokha, opuwala paokha. Yesu anawachiritsa onse. Ine ndimakhulupirira kuti ziwanda zilipo, ndipo zimathawa m'dzina la Yesu. Koma ngati Mateyu anasiyanitsa, ife ndife yani kuti tiziphatikiza?

Alipo manjenje a matenda a Parkinson. Dzinalo ndi la dokotala wa ku London, James Parkinson, amene anawafotokoza mu 1817. Wankhonya uja Muhammad Ali anadwala omwewa, ndipo mu 1996 dziko lonse linamuona ku Atlanta akuyatsa moto wa Olympics dzanja likunjenjemera. Kumeneko anamuwombera m'manja. Kwathu kuno gogo wotere timamunong'ona kuti ndi mfiti, kuti zimene anachita zikumubwerera, adzukulu n'kuleka kudya naye. Tchimo limenelo, abale.

Koma chimene chikundilemera kwambiri usiku uno ndi ana. Mwana watentha thupi, kenaka wayamba kugwedezeka, maso atembenuka, zija timati linjirinjiri. Bambo, mayi, tamverani bwino. Malungo akafika ku ubongo amachita zimenezo, ndipo sadikira kuti kuche. Musayambe mwafufuza nambala ya abusa kapena botolo la mafuta odzozera. Mugonekeni chammbali, mumuchotse pafupi ndi mbaula, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse kanthu. Kenaka nyamukani. Ife a ku Chitawira tilibe chowiringula: chipatala cha Zingwangwa chili pafupi, Queen Elizabeth ili pamphuno pathu pomwepa. Pempherani muli m'galimoto, pempherani muli pa benchi yachipatala, ine mundiyimbire muli komweko ndidzakupezani. Luka amene analemba Uthenga Wabwino anali dokotala, werengani Akolose 4:14, ndipo Paulo sanamuuze kuti asiye ntchitoyo.

Wa khunyu akagwa m'tchalitchi musathawe. Khunyu sapatsirana, malovu ake sangakudwalitseni. Ndipo pasapezeke mtumiki womuuza kuti ataye mankhwala posonyeza chikhulupiriro. Amene akusiyitsa mankhwala ndi dokotala amene anamuyeza.

Nawe m'bale wanga wa manjenje a mowa, ndikudziwa ukumvera, kapena wailesiyo ndi ya mkazi wako. Yesu amamasula. Koma ngati wamwa zaka zambiri tsiku ndi tsiku, kusiya mwadzidzidzi uli wekha kukhoza kukugwetsa, ngakhale kukupha. Bwera tipemphere, kenaka mkulu wa mpingo akuperekeze kuchipatala, usachite manyazi.

Wina afunsa, nanga kuja timanjenjemera m'mapemphero? Kulipo. Woyang'anira ndende wa ku Filipi, pa Machitidwe 16, anagwa pamaso pa Paulo ndi Sila akunthunthumira. Koma onani chimene chinatsatira: usiku womwewo anawatsuka mabala, anabatizidwa, nawakonzera chakudya kunyumba kwake. Ukagwedezeka pa guwa Lamulungu, Lolemba ngongole ya mnzako ija ibwezedwe.

Tsopano amene muli ndi wodwala m'nyumba, mugwireni dzanja lonjenjemeralo, musaliope. Tiyeni tipemphere.