Mimba siyembekeza tsiku logawana: mawu a amayi a ku Shamva

Mukamva Chichewa chathu chikusakanikirana ndi Chishona, musatiseke kwambiri. Ambiri mwa ife tinabadwira kuno, m'makomboni a m'mapulazi ndi a pamgodi. Agogo athu ndiwo anachokera ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi ndi ku Angonia, ena pa magalimoto a Ulere, ena polembedwa ndi Mthandizi, ena wapansi kudzera ku Tete. Anabwera kudzalima fodya ndi kukumba golide, nakhala matchona. Zomwe inu mumati banki m'khonde, chilimba kapena xitique, kuno timati mukando.

Tinapemphedwa kuti tinene zomwe kusunga ndalama kwatichitira. Ife tasankha kunena za uchembere, chifukwa ndi pomwe malamulo a magulu athu akuperewera. Timasonkha chaka chonse n'kugawana mu Disembala. Koma mwana amabadwa mwezi wake ukakwana, kaya ndi mu Febuluwale fodya asanagulitsidwe, mitsinje ya Mazowe ndi Pote itadzaza, m'thumba mulibe kanthu. Mayi amene matenda amuyamba usiku sangadikire kuti gulu likumane Loweruka kuti limubwereke ndalama ya galimoto.

Kale m'mapulazi ambiri munali mayi wa zaumoyo. Ntchito imeneyi inayambira kwa anansi athu ku Bindura mu 1981, pamene a Save the Children ndi unduna wa zaumoyo anayamba kuphunzitsa amayi a m'makomboni kuyeza ana, kusunga mankhwala ochepa ndi kuyang'anira ana aang'ono makolo ali kumunda. Mapulazi atagawidwa kuyambira mu 2000, ambiri mwa amayi amenewa anabalalika, ndipo thalakitala ya papulazi yomwe inkanyamula wodwala inapita nawo limodzi. Sitikulira moyo wa pakomboni, unali wowawa ndipo tonse tikudziwa. Tikungonena kuti zomwe zinkagwira mayi wapakati, ngakhale zinali zochepa, zinachoka, ndipo m'malo ambiri chomwe chatsala ndi amayi anzake.

N'chifukwa chake magulu ena kwathu anayamba kupatula kathumba ka uchembere. Kathumbaka sikabwereketsa ndi chiwongoladzanja, ndipo sikasungidwa m'bokosi la makiyi atatu. Amakasunga amayi awiri okhala moyandikana, oti mungawagogodere pakati pa usiku. Timasunga madola a ku America. Amene anaona ndalama ikusanduka mapepala mu 2008 safuna kuuzidwa chifukwa chake. Ntchito yoyamba ya ndalamayi ndi ulendo: kupita kusikelo, kumene masiku ano amati mayi aonedwe kasanu ndi katatu asanachire, ndi kupita kuchidikiro mwezi ukayandikira. Kuno nyumba zodikirirazo amati matumba. Mayi amakana kupitako osati chifukwa chosadziwa ubwino wake, koma chifukwa kumeneko amadya zake, ndipo kunyumba wasiya ana opanda wowaphikira. Choncho gulu limamupatsa ufa, nyemba ndi sopo, n'kusankha woti aziyang'ana ana otsalawo. Zinthu zikavuta, mayi amatumizidwa kuchipatala cha boma ku Shamva, mwina mpaka ku Bindura kapena ku Harare, ndipo womuperekeza amafunikanso ya basi ndi ya chakudya. Zonsezi ziwerengedwe mimba ikadali yaing'ono.

Pali zina zomwe ndalama sizigula, koma zimakambidwa bwino pamene amayi akhala pamphasa kuwerenga masheya. Mankhwala ofulumizitsa matenda, omwe kwanu mumati mwanamphepo, amatha kung'amba chiberekero. Tiziuzana poyera, ngakhale wopereka akhale apongozi. Liwombo likalowa, lomwe anzathu Achishona amati nhova, mwana watha madzi m'thupi. Asamatidwe phula pamutu kapena kukhulidwa m'kamwa. Ayamwe pafupipafupi, apatsidwe Thanzi ngati alipo, kapena madzi owiritsa a m'botolo la 750 ml osakaniza ndi masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, ndipo athamangire naye kuchipatala. Ndipo poti kwathu kuno mabanja ambiri tsopano amadalira golide wa m'mitsinje, tikupempha abambo kuti asamaotchere mekyule m'nyumba kapena pamoto wophikira. Utsi wake suoneka, koma umawononga ubongo wa khanda ndi wa mwana amene ali m'mimba.

Tsopano tifike pa nkhani yomwe yatibweretsa. Kwa ife ana a matchona, kubereka sikutha tsiku lomwe mayi watuluka m'chikuta. Lamulo la Zimbabwe limati mwana alembetsedwe pasanathe masiku 42. Kuti alembetsedwe, mayi amafunika chitupa chake ndi pepala la kuchipatala losonyeza kuti mwanayo anabadwira kumeneko. Wobadwira kunyumba amafunika mboni, ndipo nkhani imatalika. Nanga mayi amene iye mwini alibe chitupa? Agogo anabwera opanda pepala, amayi anabadwira pakomboni osalembetsedwa, ndiye mwana akubadwa lero akulandira umphawi wa mapepala ngati chuma chamasiye. Amene anali ndi zitupa anawalembera chilembo cha A, kutanthauza mlendo, ngakhale sanapondepo ku Mwanza. Lamulo la unzika la mu 2001 linauza anthu kuti akane unzika wa dziko la makolo awo, dziko lomwe ambiri analibe ndi pepala lomwe loti akakanire.

Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anasintha zimenezi. Gawo 43 limati munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanatuluke, amene kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo iye ankakhala muno, ndi nzika mwa kubadwa. Gawo 81 limati mwana aliyense apatsidwe msanga setifiketi yakubadwa. Koma lamulo silikwera basi. Mu 2021 bungwe la Amnesty International linatulutsa lipoti losonyeza kuti zidzukulu za anthu obwera kudzagwira ntchito zikadali zambiri zopanda mapepala. Mwana wotere amakula bwinobwino, amayamba sukulu, vuto n'kudzaonekera pa mayeso a Giredi 7, kenaka pofuna chitupa, pofuna layini ya foni, pofuna kulandira ndalama pa Mukuru kuchokera kwa mlongo wake ku Johannesburg. Akakhala mtsikana, amadzaberekanso mwana wosalembetsedwa.

Maganizo athu ndi akuti mimba ndiyo nthawi yabwino yokonza mapepala a mayi. Pali miyezi ingapo yoti afufuze khadi lake lakale la kusikelo, kalata ya ubatizo, kaundula wa kusukulu yomwe anaphunzira, ndi achibale achikulire okhala ndi zitupa oti akamuikire umboni. Achikulirewo akutha, ndipo aliyense amene tamuika m'manda wapita ndi umboni wa banja lonse. Ku ofesi yolembetsa munthu amatha kubwezedwa kangapo, ndipo ulendo uliwonse ndi ndalama ya basi ya anthu awiri kapena atatu. Apa mpamene anthu amagwa ulesi, ndipo apa mpamene kathumba ka uchembere kayenera kugwira ntchito.

Inu a ku Malawi, kumene ana akulembetsedwa m'zipatala kudzera ku National Registration Bureau, muli ndi mbali yanu. Timafuna otithandiza kupeza mudzi, mfumu ndi abale a agogo athu pamene kalata yochokera kumudzi ikufunika. Ambiri timangodziwa dzina la mfunda ndi la boma.

Choncho tikupempha msonkhano uno kuti uvomereze zinthu ziwiri zilowe m'malamulo a magulu onse: kathumba ka uchembere kopatulidwa pa ndalama zogawana, ndiponso mzere watsopano m'buku la mlembi. Membala akachira, mlembi alembe tsiku lobadwa mwana, ndi tsiku lomwe masiku 42 akwanire, ndipo pamsonkhano uliwonse azifunsa mpaka setifiketi itaonetsedwa kugulu.